Sipesa Apatsidwe Mendulo

Pa onse amene atumikira mzinda wa Lilongwe mokhulupirika, palibe waiwalidwa kuposa sipesa. Alibe msewu wotchedwa dzina lake, sanaitanidwepo ku Kamuzu Palace, ndipo pa 6 Julaye palibe amamutchula. Chonsecho ndi iyeyu, kamphira kolimba kapena kachitsulo kokwana m'manja, amene amachititsa kuti mphunzitsi wa ku Chinsapo afike kuntchito sampu isanabooke, ndiponso kuti mkwatibwi wa ku Area 23 atsikire pakhomo pa tchalitchi m'malo motsikira patsidya pa chigwembe, diresi atalikwinyira m'mawondo.

Ntchito yake sivuta kuimvetsa. Makaniko amakweza galimoto pa jeke, kuchotsa tayala, kumasula shoko ndi sipuling'i yake, n'kulowetsa sipesa pamwamba, pomwe shokoyo imagwirana ndi thupi la galimoto. Akamanga mabawuti, galimoto yakwera ndi masentimita 2, 3 kapena 4. Basi. Munthu wodutsa sangaone kusintha, koma amene anamvapo ekizozi ikukhula pa hampu ya ku Kawale amadziwa kuti timasentimita timeneti ndi timene timagamula ngati munthu agona kwake kapena achezera pamsewu kudikira womukoka.

Ulemerero wa sipesa unayambira ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imakayesedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako, komwe eniake amati shaken, kumadya ndalama moti ambiri amangogulitsa yakaleyo n'kugula ina. Makampani monga Be Forward ndi SBT amaika zithunzi pa intaneti, Mmalawi amasankha pa foni, sitima imakatula ku Dar es Salaam, dalaivala amabwera nayo kudzera ku Mbeya mpaka pa Songwe, a MRA amatenga gawo lawo, ndipo galimoto imatsetsereka ndi M1 kudutsa Chiweta, Mzuzu ndi Kasungu. Vitz, Fit ndi Sienta anazipangira misewu yosalala ya ku Nagoya ndi Osaka, n'chifukwa chake mimba zake zimangotalikirana ndi nthaka masentimita 14 kapena 15. Amisiri a kumeneko anaganizira za chipale, anaganizira za kusunga mafuta, anaganiziranso poika kapu ya tiyi. Za misewu ya ku Mgona mwezi wa Febuluwale sanaziganizire.

Asanene wina kuti likulu lilibe misewu. Ilipo, ndipo ina ndi yonyaditsa: pali misewu yodutsana pamwamba ku Area 18, pali wa mizere isanu ndi umodzi wopita ku City Centre, ndipo oyendetsa galimoto amalipira msonkho wa misewu pa lita iliyonse ya mafuta, kuonjezera pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke zomwe zinayamba kutolera ndalama mu 2021 ndi 2022. Koma galimoto sigona pa msewu wa mizere isanu ndi umodzi. Madzulo imakhota, kusiya phula, n'kulowa kwawo: m'katondo woterera, m'zithaphwi zosadziwika kuya kwake, m'tinjira tomwe madzi a mvula anatisandutsa ngalande. Amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2019 ku Kawale, Biwi ndi Mchesi akudziwa mmene mvula ya ku Lilongwe imasemera msewu. Mvula ikatha, anthu a m'mbali mwa msewu, potopa ndi fumbi ndi liwiro la njinga zamoto za kabaza, amaunjika dothi n'kupanga mahampu awo, aliyense monga mwa msinkhu wa mkwiyo wake.

Apa ndi pamene nzeru za sipesa zimaonekera. Njira yakale yothetsera vuto la dzenje ndi yaitali: khansala adandaule, khonsolo ikhale pansi, ndalama zipezeke, kontilakitala asankhidwe, nduna ibwere kudzakhazikitsa ntchito, amayi avine. Sipesa anaona kuti zonsezi n'kutaya nthawi. Ngati msewu watsika, galimoto ikwere. Safuna komiti, sapita ku msonkhano ku Salima kukalandira alawansi, sadikira chaka cha chisankho. Masana amodzi ku Biwi Triangle, pansi pa mtengo kapena pakhonde la shopu ya masipeyala, chitukuko chatheka, ndipo walipira ndi mwini galimoto yemwe, mosakakamizidwa ndi wina aliyense. Boma lililonse padziko lapansi lingakonde nzika zotere.

Sipesa ali ndi abale ake olemera, ndipo ayenera kutchulidwa kuti asadandaule. Awa ndi zida zokwezera Hilux, Ranger ndi Land Cruiser, monga Old Man Emu ya kampani ya ARB ndi Ironman 4x4, onse a ku Australia. Iwo sabwera ngati kamphira kamodzi ayi: amabwera ndi masipuling'i atsopano, mashoko aatali ndi mabushi, ndipo kawirikawiri amakweza galimoto ndi masentimita 5. Wogula amafunsidwa kaye kuti galimotoyo izinyamula chiyani, chifukwa sipuling'i yopangira katundu wolemera imadumphitsa munthu mpaka kudenga ngati kumbuyo kulibe kanthu, pomwe yofewa imagwada ikasenza chitsulo chakutsogolo ndi tenti ya padenga. Zambiri amaziitanitsa ku Johannesburg, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake umanenedwa munthu atakhala pansi. Eniake amati akukonzekera ulendo wa ku Nyika. Ena amapitadi. Ambiri phiri lalitali lomwe amakwera ndi la m'mphepete mwa poimika magalimoto ku Gateway Mall, pamene Passo ya namwino wa ku Area 25 imawoloka mitsinje iwiri tsiku lililonse popanda chomata chilichonse pagalasi.

Pali chinsinsi china chomwe ogulitsa zidazi sathamangira kunena. Pa galimoto ya ekiselo imodzi yolimba kumbuyo, monga Hilux, thupi likhoza kukwera mpaka kufuna makwerero, koma difu imakhala pomwe inali, ikuyang'anizana ndi mwala womwe uja. Chokweza difu ndi matayala akuluakulu okha. Nawo matayalawo ali ndi mphatso yawo: amanamiza geji ya liwiro, imaonetsa pang'ono galimoto ikuthamanga kwambiri. Dalaivala amafika pa apolisi a kamera mtima uli m'malo, n'kuchokapo atathandiza thumba la boma.

Mdani wamkulu wa banja lonseli ndi pepala lotchedwa walanti, lonjezo la wopanga galimoto kuti chikaonongeka chinthu mwa vuto la kufakitale, adzakonza ulere. Ku South Africa, mwachitsanzo, Hilux yatsopano imabwera ndi lonjezo la zaka 3 kapena makilomita 100,000, chomwe chayamba kukwana. Koma lonjezolo ndi la galimoto monga anaipangira. Mwini akaikweza, kenako china n'kuthyoka kumiyendo, funso loyamba la ogulitsa limakhala lakuti anaika zimenezi ndani. Maiko ena anachita kukhazikitsa malamulo pa mkangano umenewu. Ku America, lamulo la Magnuson-Moss la 1975, chaka chomwe Lilongwe inakhala likulu, limaletsa kampani kukana walanti pa chifukwa chokhacho chakuti munthu waika chipangizo cha kampani ina. Ku South Africa, Competition Commission inatulutsa ndondomeko yomwe inayamba kugwira ntchito mu Julaye 2021, yolola eni magalimoto kukonzetsa kwa amakaniko odziimira paokha popanda kutaya walanti yonse. Ngakhale kumeneko, chikaonongeka chifukwa cha kukwezako, bilu ndi ya mwini. Kuno wodandaula angathe kupita ku Competition and Fair Trading Commission, koma wochenjera amayamba wafunsa ogulitsa asanamasule bawuti ngakhale imodzi, yankho n'kulilandira lolembedwa, n'kusunga malisiti onse.

Taonani tsono mtendere womwe anthu a sipesa ali nawo. Bwana wa galimoto yatsopano sagona tulo, amawerenga timalemba ting'onoting'ono ta pepala lija, kuopa kutaya chomwe analipira. Mwini Sienta alibe choti ataye. Walanti ya galimoto yake inathera ku Japan zaka zambiri zapitazo, m'manja mwa munthu yemwe sadzamuona. Yomwe ali nayo ndi ya pakamwa, ya makaniko akupukuta girisi m'manja: "Ikavuta mubwere nayo, bwana." Ndipo lonjezo limeneli silinaphwanyidwepo, chifukwa akabwera nayo amalandiridwadi bwino, n'kuuzidwa kuti ili ndi vuto lina, losakhudzana ndi lija.

Anthu a kaduka ali ndi milandu yomwe amamuneneza sipesa, ndipo tsoka lake yonse ndi yoona. Galimoto ikakwera, mashafuti opita ku matayala akutsogolo amagwira ntchito atapendekeka kuposa mmene anawapangira. Timphira totchinga ma CV timang'ambika msanga, girisi amatuluka, mchenga umalowa, ndipo posakhalitsa galimoto imayamba kulira kuti kha-kha-kha pokhota paliponse. Mabolojointi ndi mabushi amatha nthawi isanakwane. Wopanda kukapangitsa alayimenti amapeza matayala atadyeka mbali imodzi. Galimoto yokwera imayepa pa kona, zomwe si nkhani yoseketsa m'makhotakhota a ku Dedza, ndipo nyali zake zikapanda kukonzedwanso zimathobwa m'maso anzake usiku.

Koma onenezawo amaiwala kufunsa kuti ndalama zimenezi zimapita kwa yani. Zimapita kwa wogulitsa masipeyala ku Malangalanga, kwa mnyamata wothamanga ndi sipanala ku Biwi, kwa womata matayala pa siteji, kwa wowotcherera ku Mchesi, ndi kwa mayi wogulitsa nsima kwa onsewa. Mu 2020 andale analonjeza ntchito 1 miliyoni. Sipesa sanalonjezepo kanthu, sanaimepo pa nsanja, koma afunseni amakaniko kuti ana awo amawalipirira fizi ndani.

Sipesa alinso ndi mng'ono wake wosauka, amene satchulidwa n'komwe: chidutswa cha tayala lakutha chomwe amachipanikiza pakati pa sipuling'i ya Sienta ya matola. Galimotoyo anaipangira anthu 7, koma ikamachoka pa siteji imakhala itasenza oposa pamenepo, thumba la makala ndi beseni la tomato zili kumbuyo, bampala ikupempha kupsompsona nthaka. Kamphira kaja ndi komwe kamaletsa. Akadzapatsidwa mendulo mkulu wake, nayenso adzakumbukiridwe, ngakhale ndi satifiketi chabe.

Ngakhale pa tsiku logulitsa, sipesa sataya mwini wake. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, pambali pa mawu akuti mapepala onse ali bwino ndi akuti amayendetsa ndi mayi, kunena kuti galimoto ndi yokweza kale kumakoka ogula, ngakhale kuti kulira kwa pokhota kuja sikulembedwa. Wogula amapita nayo kwawo akusangalala, mvula ya Disembala imagwa, ndipo Januwale asanathe amapezeka ali ku Biwi akufunsa ngati alipo masipesa okulirapo. Makaniko amagona pa katoni, kusuzumira pansi, n'kufunsa kuti bwana amakhala mbali iti. Akamva kuti ndi ku Chinsapo, kumunsi kwenikweni, amatuma mnyamata kukatenga a masentimita 5, n'kumukuwira ali kale patali kuti afunsiretu mtengo wa ma CV awiri.