Voti Inkabwera Modontha

Pakhonde la telala wina pafupi ndi msika wa Zomba, mnyamata wakabaza ankadandaula za kutalika kwa mzere wa kalembera wa zisankho. Mdala wina amene ankadikira buluku lake anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe ukulira mzere? Bambo anga ankachita kuulota mzere umenewo."

Ndinasendera pafupi, ngati ndikusankha nsalu.

"Nyumba ya Malamulo anaikhazikitsa konkuno mu 1907, muli azungu okhaokha. Wotiyankhulira ife anali mbusa wa mishoni, Hetherwick wa ku Blantyre uja."

"Nanga anthu akuda analibe pakamwa, agogo?"

"Pakamwa anali napo, mpando ndi umene analibe. Awiri oyamba analowa mu 1949, ochita kulozedwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 anakwana asanu, koma owasankha anali makhonsolo a zigawo, osati munthu wamba. Apa ndiye atsamunda anadziputira mavu, chifukwa mwa asanuwo munali Chipembere ndi Chiume. Mafunso awo pa nkhani ya chitaganya ankawathetsa mankhalu azungu, moti anthu ankalimbirana buku la zokambirana za m'nyumbamo kuti awerengerane."

Telala anaimitsa makina. "Koma mu 1961 anthu anavota, si choncho bambo?"

"Anavota, pa 15 Ogasiti. Koma makaundula anali awiri. Wapamwamba, wa anthu achuma ndi ophunzira, mipando 8. Wapansi, mipando 20. Ngakhale wapansiwo sunali wa aliyense. Ankayang'ana ndalama zimene umapeza, kapena ngati umadziwa kulemba ndipo wakhala ukukhoma msonkho kwa zaka zambiri. Bambo anga analowa chifukwa anasunga malisiti a msonkho m'chitini, pansi pa bedi."

M'dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni, olembetsa anangopitirira pang'ono 100,000. Ine ndimati kuchedwetsa konseku kunali kwadala: atsamunda ankatsegula chitseko pokhapokha akaona kuti chatsala pang'ono kuthyoledwa. Za makaundula awiriwo anagwirizana ku London mu 1960, anthu atafa kale ndipo ena atadzaza ndende mu 1959.

Mayi wogulitsa zitumbuwa, amene tinkayesa sakumva, analowerera. "Nanga mayi anu, achimwene?"

"Ankavina pamisonkhano ya Kongeresi mpaka fumbi koboo, koma dzina lawo m'kaundula munalibe. Ziyeneretso zija zinasiya amayi ambiri panja. Kongeresi inatenga mipando yonse 20 yapansi ndi iwiri yapamwamba, iwo akungolulutira chapatali."

"Ndiye anavota mu 1964, voti itafika kwa aliyense?"

Mdalayo anapukusa mutu. "Ufulu wovota anapatsidwa, koma aphungu onse analowa popanda wopikisana nawo. Mabokosi sanatuluke n'komwe."

"Aa! Ndiye anadzavota liti?"

"1978, mwana wanga, posankha pakati pa anthu a chipani chimodzi chomwecho. Inu atelala, buluku langa lija mwalipinda?"