Ulemu Upite kwa A Fulashi

Pa zipangizo zonse za pa desiki, palibe chimene chimatukwanidwa ngati fulashi. Kompyuta timaipukuta fumbi n'kuifunditsa kansalu tikamaweruka. Pulinta timainyengerera ngakhale itatafuna mapepala athu. Koma fulashi imagona m'thumba la thalauza pamodzi ndi makiyi, ndalama zachitsulo ndi makoko a mtedza, ndipo tsiku limene yakana kutseguka aliyense amaiwala zaka zonse zimene inatumikira osanyinyirika. Zimenezi zithe. Kuyambira pano ndiziwatchula mwaulemu kuti A Fulashi, ndipo mlandu wawo ndiuimira ndine.

Tiyambe ndi kumtundu, poti munthu timamudziwa ndi kwawo. Agogo awo ndi a Disiketi. Anabadwira ku IBM mu 1971 ali chimphona chotambalala mainchesi 8, kenako anachepa mpaka kufika pa kaja ka mainchesi 3.5 kamene Sony inatulutsa m'zaka za m'ma 1980, kokhala ndi kachitseko kachitsulo. Mimba yake inali 1.44 MB, moti chithunzi chimodzi cha pa foni yabwino ya lero sichingalowemo. Sony inasiya kuwapanga mu 2011, koma ulemu wawo sunathe. Mpaka lero kompyuta ya Windows imayamba kuwerenga pa C:, chifukwa A: ndi B: ndi mipando ya a Disiketi, ndipo imangokhala yopanda munthu ngakhale eni ake anatsamira mkono kalekale. Kachithunzi kamene mumadina poseva kalata ndi nkhope yawo. Ku Japan, dziko la maloboti, boma linamaliza mu 2024 kuchotsa malamulo ofuna kuti zikalata zina ziziperekedwa pa disiketi. Banja lotere si lolinyoza.

A Fulashi eni ake anaonekera pamsika mu 2000. Kampani ya Trek 2000 ya ku Singapore inawatulutsa ndi dzina loti ThumbDrive, pamene IBM inkagulitsa DiskOnKey ya 8 MB yopangidwa ndi M-Systems ya ku Israel. Netac ya ku China nayo imati mwanayo ndi wake, ndipo nkhani za umwini wake zinafikapo m'makhoti. Ndani analimbiranapo mwana wopanda tsogolo? Nzeru yosunga zinthu m'kachipangizo kosasowa batire inachokera kwa Fujio Masuoka wa ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Mayiko onsewa anasonkhana kuti inu mukasindikize kalata yofunsira ntchito.

Amene amati A Fulashi ndi ovuta kulowetsa sanamvetse kuti iwo ndi mphunzitsi wa kudzichepetsa. Mumawalowetsa, akana. Mumawatembenuza, akananso. Mumabwerera mmene munayambira, alowa bwinobwino, osanena kanthu. Ajay Bhatt wa ku Intel, amene anatsogolera kupanga USB m'zaka za m'ma 1990, anavomera yekha kuti kupanga pulagi yolowa mbali zonse ziwiri kukanafuna mawaya owirikiza ndipo mtengo ukanakwera. Choncho dziko lonse linalipira ndi mkwiyo m'malo mwa ndalama, mpaka USB-C itabwera mu 2014. Koma phunziro lenileni limachitika mu ofesi imene mabowo a kutsogolo kwa kompyuta anafa. Taonani bwana wa taye, amene anthu amaimirira akamalowa, atagwada pansi pa desiki, tsaya litagunda bokosi la kompyuta, dzanja likufufuza kumbuyo pakati pa mawaya ndi ukonde wa kangaude. Akudzuka mawondo a suti atayera fumbi, n'kupeza kuti pofufuzapo wazula waya wa mbewa. Alaliki akhala akuyesa zaka zambiri kugwaditsa anthu oterewa. A Fulashi amatha m'mawa umodzi.

Nanga kuolowa manja kwawo! Mtima wawo ndi wa wakabaza, sasankha wokwera. Kalata ya ukwati, nyimbo za kwaya, mayeso a ana a sukulu, vayirasi, onse amakwera limodzi. Pitani kumalo osindikizira mapepala pa tauni iliyonse nthawi imene ophunzira a kukoleji akupereka ntchito zawo. Kompyuta ndi imodzi, mzere wafika pakhonde, ndipo fulashi iliyonse yolowa imasiyako kanthu n'kutengako kanthu. Mtsikana wina akutsegula yake. Dzulo munali foda ya kafukufuku wake wa chaka chonse. Lero muli timafoda tokhala ndi kamuvi kakang'ono pakona, ndipo akadina kamodzi kompyuta imangophethira. Manja afika kumutu. "Achimwene, ntchito yanga yapita! Ndikanena chiyani kwa alekichala?"

Apa m'pamene anthu amawalakwira A Fulashi, chifukwa nthawi zambiri sanataye kanthu. Vayirasi ya mtundu umenewu, imene anyamata a makompyuta amaitcha ya shotikati, siidya mafayilo. Imangowaika chizindikiro choti abisike, n'kuika timafoda tabodza pamalo pake, kuti mukadina muidzutse ilowe m'kompyuta. Umboni wake ndi wosavuta: yang'anani kukula kwa malo ogwiritsidwa ntchito, mupeza kuti fulashi ikadali yodzaza ngakhale ikuoneka yopanda kanthu. Mnyamata wa pamalopo amadziwa zimenezi, koma sathamanga. Amayamba wapukusa mutu, kupumira m'mwamba, n'kunena kuti, "Asisi, iyi ndiye yavuta, koma tiyesa." Kenako amatsegula kawindo kakuda ka Command Prompt, kulemba chilembo cha fulashiyo, monga E:, kudina Enter, n'kulemba attrib -h -r -s /s /d. Mafoda onse amatulukira. Amafufuta timashotikati tija, kusecha fulashi ndi pulogalamu yopha mavayirasi, ndipo madzulo kwake ndiwo zapezeka. Ndi angati mwa ife amene analembapo ntchito anyamata ochuluka chonchi?

Musaganize kuti zimenezi amachitira ife osauka okha. Mu 2008 fulashi imodzi yolowetsedwa mu laputopu ya asilikali a America ku Middle East inafalitsa vayirasi m'makompyuta awo achinsinsi, moti akuluakulu a asilikali analetsa mafulashi kwa kanthawi ndipo kuyeretsa kunatenga miyezi yoposa khumi ndi iwiri. Mu 2010 dziko linamva za Stuxnet, vayirasi imene inawononga makina oyenga uranium ku Natanz, ku Iran. Makompyuta a kumeneko sanali pa intaneti, koma vayirasiyo inapangidwa kuti iziyenda pa fulashi, ndipo fulashi sifunsidwa chiphaso pachipata. Microsoft inachita kutseka khomo mu 2011, pamene inatumiza kusintha koletsa Windows XP ndi Vista kuyendetsa zokha mapulogalamu a pa fulashi ikangolowetsedwa. Ngakhale zili choncho chikoka chawo sichinathe. Ofufuza anamwaza mafulashi 297 pa University of Illinois, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2016 zinaonetsa kuti pafupifupi theka anatoledwa, kulowetsedwa m'kompyuta ndi kutsegulidwa. Anthu ophunzira, odziwa bwino kuti chotola sadya. Ambiri ankati amafuna kudziwa mwini wake kuti amubwezere. Mwaona? A Fulashi amadzutsa chifundo ngakhale atagona m'fumbi.

Ena amawanena kuti ndi abodza, chifukwa pachikuto palembedwa 16 GB koma kompyuta ikuonetsa 14.9 kapena kucheperapo. Mlandu uwu si wawo. Opanga amawerenga gigabayiti imodzi kukhala mabayiti 1,000,000,000, pamene Windows imawerenga 1,073,741,824. Akuluakulu awiri akusiyana masamu, wonyozedwa n'kukhala wonyamula katundu. Zoona, alipo abale awo ena a mtengo wozizira, olembedwa 64 GB pamene m'mimba muli malo a 4 GB kapena 8 GB basi. Kaubongo kawo kanaphunzitsidwa kunama, ndiye amalandira chilichonse chimene mwawapatsa, osakana, kwinaku zatsopano zikupondereza zakale kapena kungosowa. Maina a mafayilo amaoneka onse bwinobwino, koma mukatsegula mulibe kanthu. Ine ndimati kumeneku n'kulemekeza mlendo: kunena kuti malo atha n'kwamwano. Wosakhulupirira angathe kuwayesa ndi kapulogalamu kotchedwa H2testw, kamene kamadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati zonse zilimo. Koma ayese asanaikemo zithunzi za chinkhoswe.

Palinso mwambo wawo wina umene ojambula mavidiyo a maukwati amaudziwa. Fulashi ili ndi malo ambirimbiri, koma vidiyo yakana kulowa, akuti yakula. Chifukwa chake n'chakuti mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa m'dongosolo lakale la FAT32, limene sililandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Mukawafomata kukhala exFAT kapena NTFS vidiyo ilowa, koma mwina wailesi ya m'galimoto kapena TV yakale iwakana. A Fulashi amangokuuzani kuti simungakondweretse apongozi ndi akuchimuna tsiku limodzi.

Chimene sakhululuka ndi kuchoka osatsanzika. Kompyuta nthawi zina imanena kuti yamaliza kukopera pamene zina ikadazisunga m'manja, kudikira mpata woti izilembe. Mukazula fulashi nthawi imeneyo, kapena magetsi akathima, kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse yagona amatsala wolembedwa theka. Mawa lake kompyuta imakuuzani mwaulemu kuti fulashi iyenera kufomatidwa musanaigwiritse ntchito. N'chifukwa chake pali kabatani ka Eject. Kuyambira pa Windows 10 ya kumapeto kwa 2018, Microsoft inasintha zinthu kuti kompyuta izilemba nthawi yomweyo, ndiye achinyamata akuti kutsanzika kunatha ntchito. Azule fayilo ili pakati pa ulendo aone. Ndipo mukati mutsanzike, kompyuta n'kukana kuti fulashi ikugwirabe ntchito pamene mwatseka zonse, musakwiye. Kwinakwake kuli kalata ya Word imene yatsala yotsegula, kapena pulogalamu yopha mavayirasi ikadawasecha m'matumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Uthenga wa kufomata uja ukabwera, wanzeru sadina msanga. Amayesa bowo lina, makamaka la kumbuyo, kenako kompyuta ina. Amatsegula Disk Management kuona ngati fulashi ikuoneka koma yangosowa chilembo, poti nthawi zina mlandu wonse umakhala umenewo: mlendo wafika koma sanapatsidwe mpando. Zikakanika, mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec amatha kuvuula mafayilo, ngakhale pa fulashi yofomatidwa mwachangu, chifukwa kufomata kotero kumangofufuta kaundula, katundu n'kutsala m'nyumba. Chofunika n'kusaikamonso kanthu kena kufikira zakale zitatuluka. Taganizani kukhulupirika kwake: mwawalamula kuti aiwale zonse, iwo n'kusungabe mwakachetechete podziwa kuti mudzalira. Wogulitsa kapena kubwereketsa fulashi yake yakale aziganizirenso zimenezi, chifukwa samasankha woti amuuze.

Masiku ano kwabwera odzitama amene amati zonse tiziika pa Google Drive. Zabwino, koma kumeneko sukafika wopanda bandulo, ndipo netiweki ikathawa katundu wako umangomuonera patali. A Fulashi safuna bandulo, safuna pasiwedi imene munaiwala chaka chatha. Ndiwo amaimba m'minibasi kuchokera ku Limbe mpaka ku Mulanje osapuma. Ndiwo amanyamula mafilimu kuchokera kwa anyamata obena nyimbo pamsika kupita kumudzi kumene foni imagwira pachulu pokha. Oimba amadandaula, ndipo ali ndi chifukwa, kuti thukuta lawo limayenda ulere m'matumba a anthu. Koma lamulo la zaumwini wa luso la 2016 linaika msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu, ndipo ndalama zake bungwe la COSOMA limagawira eni luso. Ndiuzeni wakuba wina amene amadula msonkho asanabe.

Imfa yawo nayo ndi yosavutitsa abale. Timaselo tosunga zinthu m'kati mwawo timatha mphamvu pang'onopang'ono tikamalembedwa ndi kufufutidwa, ndipo fulashi yoiwalika m'kabati zaka zambiri imatha kuyamba kutaya zimene inasunga. Koma sadwalitsa anthu, sagonekedwa m'chipatala. Lachiwiri ali bwino, Lachitatu kompyuta ikuti siikuwadziwa. Ena amayamba akana kulandira chatsopano chilichonse, n'kumalola kuwerenga kokha, kumene kuli kulawira kwa munthu wamakhalidwe: tengani zanu ndikadali pano. Amene amaika kope lokhalo la ntchito yake pa fulashi, osasiya lina pa kompyuta kapena pa imelo, ndiye kuti wawapatsa A Fulashi ulemu umene ngakhale ine, wowaimira mlandu, sindinafikepo.

Mboni yanga yomaliza ikuchokera ku Amagasaki, ku Japan. Mu June 2022 munthu wina wogwira ntchito pansi pa kampani imene mzindawo unailemba ganyu anakopera pa fulashi maina, maadiresi ndi masiku obadwa a anthu onse a mumzindawo, pafupifupi 460,000, pamodzi ndi za misonkho ndi manambala a kubanki a ena mwa iwo. Ataweruka anapita kukamwa ndi anzake, fulashi ili m'chikwama. Anagona pamsewu, ndipo podzuka chikwama panalibe. Akuluakulu a mzinda anaweramitsa mitu pamaso pa atolankhani kupepesa, mafoni a anthu okwiya anasefukira ku ofesi, apolisi anayenda naye munthuyo kufufuza njira imene sankaikumbuka. Patapita masiku ochepa chikwama chinapezeka panja pa nyumba ina yogonamo anthu. A Fulashi anali momwemo, pasiwedi ili chitsekere, ndipo akuluakuluwo anati panalibe chosonyeza kuti wina anawatsegula. Pa onse amene anapita kumowa usiku umenewo, iwo okha ndi amene sanalawe ngakhale dontho.