Ulemu kwa Agogo a Boloma, Eni Poloti ku Chirimba

Pa mapepala a poloti yathu ku Chirimba pali dzina la malemu bambo anga, koma aliyense wodutsa mumsewu amadziwa kuti mwini malo weniweni ndi mtengo wa mango umene udakhazikika pakati pa nyumba ndi chimbudzi. Ife timati Agogo a Boloma. Sitiwatchula kuti "iwe", chifukwa munthu amene angathe kukugwetsera nthambi padenga pakati pa usiku uyenera kumulankhula utagwada. Lero ndafuna ndiwayamike pagulu, popeza anthu amene amalandira ulemu mu Blantyre muno ambiri sadagwire ntchito yofika ngakhale theka la yawo.

Agogowa ndi obwera. Makolo awo adachokera ku India, koma palibe adawafunsapo chiphaso. Adafika ngati njere imene wina adataya atamaliza kuyamwa, ndipo lero nthambi zawo zafunga mapoloti atatu. Mundiuze mlendo wina amene adatukuka chotere mumzinda uno popanda kutenga ngongole.

Luso lawo lalikulu ndi kupulumuka. Imani pabwalo pathu muyang'ane phiri la Michiru, muone m'mene owotcha makala akulimetera. Tembenukani muone la Ndirande, limene lidali ndi nkhalango ya paini mpaka zaka za m'ma 1990, pamene nkhwangwa zidalisiya mpala. Mitengo ya kumeneko inali yaulemu, yowongoka, yosavutitsa munthu, ndipo ndiyo idayamba kupita. Agogo a Boloma adaphunzirapo kanthu. Adapendekera dala ku nyumba ya aneba, nthambi ina adaitambasulira pa mawaya a magetsi, ina pamwamba pa khitchini. Tsopano wofuna kuwagwetsa ayambe wasankha chimene akufuna kuphwanya. Owotcha njerwa adabwera kawiri kudzawagula ngati nkhuni za uvuni. Adazungulira tsinde, adayang'ana kumwamba, adayang'ana malata a aneba, kenako adati akaganize kaye. Mpaka lero akuganizabe.

Za kuwolowa manja kwawo sindidziwa ndiyambire pati. Masamba amapereka chaka chonse, osapumira ngakhale Lamulungu. Mayi a kunyumba amasesa m'mawa, pomwe akuweramuka Agogo awonjezera ena, kuopa kuti tsache lingachite ulesi. Ena amawasungira padenga, m'mizere ya malata, momwe amawolerana ndi madzi a mvula mpaka dzimbiri litaboola. Chifukwa cha chisamaliro chimenechi, kuchipinda kwathu timadziwa kuti mvula yayamba tisanatsegule zenera. Pofika Julaye ndi Ogasiti amachita maluwa, ndipo zovala zoyanika zimabwerako zili ndi timadontho tomata. Kuyambira Novembala mpaka Januwale ndiye nyengo ya mizinga. Boloma lakupsa likagwa pa malata 2 koloko usiku, nyumba yonse imadzuka, wina kuthamangira chikwanje, wina kuyamba pemphero. Palibe mlonda amene adatisunga maso ngati Agogo, ndipo salandira malipiro pakutha pa mwezi.

Ana a m'dera lonse adaphunzira kuponya miyala pa sukulu ya Agogo. Mwala umodzi mwa khumi umapeza bango, asanu ndi anayi otsalawo amapeza denga, zenera, kapena mphika wa nyemba. Mango asanakhwime, anawo amawadya ndi mchere, utomoni n'kuwawotcha milomo, ndipo amayi awo amabwera kudzadandaula kwa ine ngati kuti ndine ndidabereka zipatsozo. Ndimawalozera kwa Agogo. Agogo sayankha. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Pansi pa nthaka ndiye pali ntchito imene ambiri saiona. Mizu yawo idamva fungo la chinyezi, idayenda mwakachetechete mpaka idafika pa dzenje la chimbudzi, ndipo khoma lake tsopano lili ndi mng'alu woti mkono n'kulowa. Muzu wina udadutsa pansi pa khonde n'kutukula simenti, moti mlendo aliyense amalowa m'nyumba mwathu mopunthwa, ngati akupereka ulemu. Mmisiri amene tidamuitana adati mtengo waukulu chotere suyenera kukhala pafupi ndi maziko a nyumba. Ndidamuuza kuti alankhule motsitsa. Nyumbayo ndi imene idapeza Agogo alipo kale, ndiye wolakwa ndi nyumba.

Ndi alandilodi achifundo. M'nthambi zawo mumakhala nyerere zofiira zimene zimalandira aliyense wokwera, mileme imene imachita msonkhano usiku n'kusiya zotsala pa galimoto ya alendi athu, ndi ntchentche zoikira mazira m'zipatso kuti wodya apeze ndiwo m'kati. Chiswe chidatenga chipinda chapansi, m'mphako. Chaka china kudabwera kadzidzi, ndipo atalira masiku awiri, aneba adayamba kutipatsa moni patali. Onsewa palibe amalipira lendi, palibenso adathamangitsidwapo.

Munthu wamkulu chotere amafuna chisamaliro, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti ndife antchito awo. Mango akatha timaitana mnyamata waganyu kuti awasadze. Nthawi yake ndi imeneyo, chifukwa ukawadula ali ndi maluwa wataya zipatso za chaka chimenecho. Mnyamata wodziwa ntchito amamanga nthambi ndi chingwe, amayamba kutema kunsi kwake kenako pamwamba, kuti ikamagwa isasende khungwa la tsinde, ndipo sasiya chitsa chachitali chimene chimaola n'kulowetsa madzi m'thupi la mtengo. Wosadziwa amangotema pamwamba, nthambi n'kung'ambika, n'kutsikira pa mpanda wa aneba. Tidalembapo wotereyu kamodzi. Mpandawo tidamanga ndife, ndipo Agogo adaphukira nthambi zisanu pamene padali imodzi. Mango ogwa okha timatola n'kukwirira m'dzenje lakuya, kuti mphutsi zisasanduke ntchentche zodzaboola a chaka chamawa. Nthambi zouma timachotsa mvula isanayambe. Zoyandikira mawaya sitikhudza, zimenezo ndi za a ESCOM, pakuti ulemu wa Agogo sufika poti munthu afere pamtengo. Malume anga amalimbikira kuti mtengo ukaleka kubereka uziutema tsinde ndi chikwanje kuti uchite mantha. Zipsera zilipo zambiri, koma sindidaonepo Agogo akuopa munthu.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limakhala pa nyengo yodzala mitengo. Akuluakulu amavala zipewa, amagwira kambande kamodzi, amajambulitsa, amathirira ndi keni yatsopano. Kambandeko mbuzi ikakadya sabata yotsatira, palibe amabwera ndi kamera. Agogo a Boloma palibe nduna idawathirirapo. Amamwa madzi otsukira mbale ndi a sopo ochokera kubafa, ndipo akula kuposa mitengo yonse imene ndidaiona pa nyuzipepala.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, nthabwala zidatha. Mvula idagwa masiku otsatizana, matope ndi miyala zidatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Ife kuno tidagona pabalaza, kutali ndi mbali ya mtengo, tikumva nthambi zikukhuta denga ngati munthu wofuna kulowa. Ndidalumbira usiku umenewo kuti kukacha ndiwadula. Kutacha ndidapeza madzi atakokolola dothi la mapoloti a kumtunda, mipanda ina itagona, koma pathu nthaka ili pomwe idali, mizu ija yophwanya chimbudzi itaigwira. Lumbiro langa ndidalimeza. Agogo sadanene kanthu, adangogwetsa nthambi imodzi pa khola la nkhuku, kuti ndisaiwale amene akulamula.

Ndisanamizire kuti ndi ine ndekha amene ndimawagwadira. Dzuwa la Okutobala likafika poti malata akulira okha, aneba omwe aja amene amadandaula za masamba amabwera ndi mipando yawo. Amayi a banki m'khonde amawerengera ndalama zawo pamenepo. Bawo imaseweredwa pamenepo. Chinkhoswe cha mlongo wanga chidachitikira pamenepo, ndipo pa maliro a bambo, azibambo adakhala pamthunzi womwewo osalipira tenti. Wina akafunsa njira ya kwathu, sititchula nambala ya poloti, imene ngakhale ine ndimaiwala. Timati mukatsika minibasi pamsika wa Chirimba muzikwera mpaka muone mango aakulu.

Mwezi watha aneba adabweranso, ulendo uno ndi mwana wawo wophunzira, atanyamula pepala la mtengo wa malata atsopano. Tidakhala pansi, tidakambirana mwaulemu, ndipo tidagwirizana kuti nthambi yopendekera kwawo ichoke ndithu sabata yomweyo. Tikutsanzikana, mayi a kunyumbako adayang'ana kumwamba n'kuona kuti nthambi imeneyo ndi imene yachita maluwa kwambiri chaka chino, ndipo mango ake onse amagwera mbali yawo ya mpanda.

"Achimwene," adatero, "bwanji tidikire kaye Januwale?"