Tebulo la Kuseri kwa Chipilala

Masiku ano malo ovinirako m'tauni sapatsidwa ulemu ngati pageti palibe chikwangwani chochenjeza kuti muli makamera. Mwini malo akangomva kuti mnzake waika, m'mawa mwake ali kale m'sitolo ku Limbe, kunyamula bokosi la Hikvision: makamera anayi, DVR imodzi, ndi chingwe chimene wogulitsa walumbira pali mayi ake kuti chikwana. Sichikwana. N'chifukwa chake kamera yachinayi, yomwe imayenera kulondera koimika magalimoto, imathera pamwamba pa firiji.

Woika makamerawo amakhala mphwake wa bwana, mnyamata amene pamtundu ponse amati ndi katswiri wa makompyuta chifukwa amathira anthu nyimbo m'mafoni. Nkhawa yake ndi imodzi, yoti kamerayo ingabedwe. Ndiye amaikhoma kudenga kwenikweni, kosafika mbava ngakhale itabwera ndi makwerero. Kamera imapulumukadi. Koma ili kumeneko chimene imaona ndi zipewa, mawigi ndi madazi.

Masana zonse zimaoneka bwino, moti bwana amaonetsa anzake pafoni mipando yopanda anthu ndi mphaka akudutsa. Usiku wa dansi ndi nkhani ina. Kaya pasiteji pali Ma Blacks kaya bandi ya m'dera momwemo, magetsi akayamba kuthwanima kamera imachita chidima. Makina a utsi akafuka, holo yonse imasanduka Dedza m'mamawa wa mwezi wa Juni. Masipika akagunda khoma limanjenjemera, chithunzi nacho n'kumavina. Ya panja mdima ukagwa imayatsa timagetsi take ta infrared, tizilombo timasonkhana, kangaude n'kudzamanga nyumba pagalasi penipeni. Palibe mlendo amene amajambulidwa bwino kuposa kangaudeyu: miyendo yonse 8 mbee, usiku wonse.

Komatu tisanamizane, makamerawa sanagulidwire akuba a kunja. Yooneka bwino koposa imaloza kabati ya ndalama ndi manja a mnyamata wogulitsa mowa. Bwana ali pabedi kwawo, 11 koloko usiku, foni kuliralira: "Iwe, Grini wapereka kwa amayi a zofiirawo walipira ndani?" Mnyamatayo amayankha mwaulemu atayang'ana kudenga, ngati akupemphera. Amadziwa kuti bandulo ya bwana siifika pakati pa usiku, ndipo foni ikasiya kulira ndiye kuti diso latsinzina.

Alipo amene amaikonda kamera. Achinyamata ena amavina moiyang'ana, kuibayibitsa, kenako n'kufunsa bawunsa kuti zimenezi zituluka liti pa TV. Mbava nazo zilibe nayo mlandu. Chipewa chimodzi chakwanira. Amene amatuluka thukuta ndi madoda olemekezeka, aja kunyumba atsanzika kuti ali kumsonkhano wa kuntchito ku Mangochi. Amalowa atazolika, MG2 akutsatira patali ngati sakudziwana, n'kumukokera bawunsa pambali.

"Achimwene, zinthuzi zikugwira ntchito?"

"Zikugwira kwabasi, bwana. Koma malo alipo."

Malowo ndi tebulo la kuseri kwa chipilala, pafupi ndi zimbudzi. Kale palibe amene ankalifuna chifukwa cha fungo, ndipo linkasungirapo makireti. Lero ndi pokhapo pomwe kamera siifika, ndiye munthu amayenera kuimbiratu foni Lachitatu ndi kutumiza ya fanta. Pofika 10 koloko pamakhala pothinana kuposa ku VIP, ndipo ulemu umene umachitika pamenepo ngakhale pachinkhoswe sungaupeze.

"Mwaswera bwanji, akulu a mpingo?"

"Taswera, kaya inu a pulofesa? Ine ndangobwera kudzatenga mwana wa mlongo wangayu."

"Inenso chimodzimodzi. Anawa masiku ano!"

Onse amapukusa mitu modandaula, ana a alongo awo akuitanitsa kanyenya.

Tsono foni ya munthu ibedwe. Mwini wake amabwera Lolemba, wapolisi ali pambali, kuti aone kanema. Pasiwedi ali nayo mphwake uja, ndipo anapita ku Joni mwezi watha. Wina amayesa 12345, zimatseguka. Wotchi ya DVR ikuti lero ndi 1 Januwale 2000, chifukwa kabatire kake kanafa kalekale, ndiye Loweruka muzilifufuza nokha. Mukalipeza mumaona kuti 9 koloko magetsi anathima, ndipo jenereta anailumikiza ku masipika ndi mafiriji okha. Wochedwa kubwera ndiye amauzidwa kuti hadi disiki ikadzadza imafufuta zakale n'kujambulapo zatsopano. Mwamwayi zonse zikayenda, anthu asanu amaunjikana pasikirini kuonera chipewa china chikuyandikira chipewa chinzake.

"Ndi ameneyu!"

"Mukumudziwa?"

"Ayi, koma kayendedweko n'kakuba."

Mlendo woopsa amafika Lachiwiri. Ndi mayi wovala bwino, wodekha, wonena kuti anataya kachikwama Lachisanu usiku ndipo angokonda kuona kanema yense, kuyambira pageti. Aliyense akudziwa kuti mayiyu sanapondepo pano chibadwire. Apa mpamene bwana, yemwe sanawerengepo ngakhale laisensi yake ya mowa, amakumbukira kuti dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo amaitchula Chingerezi chake mosaphonya.

"Pepani mayi, zithunzi za anthu sitionetsa wamba. Boma limaletsa."

"Ngakhale za pageti pokha, bambo?"

"Makamaka za pagetizo, mayi."

Amawaperekeza mpaka pamsewu, kuwaimitsira kabaza, kuwalipirira ndithu. Akangokhota, bwana amatulutsa foni, kuimbira kasitomala wake kuti mlamu anabwera, ndipo zamutayitsa nthawi yambiri. Kenako amatuma mnyamata kuti akawonjezere matebulo awiri kuseri kwa chipilala.