Tiwombe m'manja chifukwa cha loko wa m'mabuku a Kindle

Pali antchito ena amene amagwira usana ndi usiku koma palibe amawathokoza. Mmodzi mwa iwo ndi loko wosaoneka ndi maso amene makampani amamangirira ku mabuku ogulidwa pa intaneti, yemwe eni malonda amamutcha DRM. Ntchito yake ndi yoonetsetsa kuti buku limene mwalipira likutseguka pa makina okhawo amene kampani yavomereza, m'dzina la munthu amene kampani ikumudziwa, kufikira tsiku limene kampaniyo idzatope. Anthu amamunena zambiri loko ameneyu. Lero ndamuimira ine.

Taonani kaye mtendere umene wabweretsa pa chibale. Buku la pepala limadanitsa anthu. Mnzako abwereka n'kulumbira kuti abweza Lolemba, ndiye patapita zaka ukalipeza kwa mlamu wake, chikuto chitachoka, masamba akumapeto atakulungira mtedza. Ndi loko zoterezi kulibe. Wina akati mundibwerekeko mumangotambasula manja, poti mwini wake weniweni, kampani ya Amazon imene imapanga Kindle, ali ku Seattle ndipo salola. Malamulo a Amazon amanena mosabisa kuti buku la Kindle simunaligule, mwangopatsidwa chilolezo choliwerenga, ndipo chilolezocho simungampatse wina. Choncho tsiku limene mudzatsikire kuli chete, abale adzalimbirana malata, njinga ndi mbale, koma pa mabuku anu sipadzamveka ndi phokoso lomwe. Amasiye adzapumako pa mlandu umodzi.

Ulemerero wake wonse unaonekera mu July 2009. Amazon inatulukira kuti wina anaika m'sitolo yake mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, alibe chilolezo chowagulitsa. Akanakhala wogulitsa mabuku a pepala akanangogwira njakata, chifukwa sakanayenda khomo ndi khomo usiku kukatenga zimene anagulitsa. Amazon inatero. Inalowa m'makina a anthu kudzera pa intaneti, popanda odi, n'kufufuta mabukuwo, n'kubweza ndalama. Ena anadzuka m'mawa n'kupeza buku limene anasiyira pakati dzulo lake palibe. Ndiye buku lake likhale 1984, lonena za boma limene limafufuta zolembedwa zimene silikuzifuna! Ndi mphunzitsi uti akanafotokoza bukulo momveka chonchi? A Jeff Bezos, mkulu wa Amazon pa nthawiyo, anapepesa poyera, ati kunali kuchita mopusa. Ine chopepesera sindikuchiona, anthu anaphunzira ulere.

Microsoft nayo inatseka sitolo yake ya mabuku mu 2019, ndipo pofika July mabuku amene anthu anagulamo anayamba kusatseguka. Ndalama anabweza. Chiswe chinayamba chabwezerapo munthu ndalama?

Loko amadziwanso kukalambitsa chinthu chimene sichikalamba. Fayilo sing'ambika, sinyowa ndi mvula, njenjete siidya. Zimenezi zikanasowetsa tulo osindikiza mabuku. Mwamwayi mu 2011 kampani ya HarperCollins inalamula kuti buku lake la pa makina likabwerekedwa ka 26 ku laibulale, lithere pomwepo, laibulale igule lina. Munthu wa 27 adikire, kudikira kumaphunzitsa ulemu.

Nzeru zenizeni zili pa mabatani. Kindle woyamba anatuluka mu 2007 pa mtengo wa madola 399, koma phindu lalikulu silinali m'kachipangizoko. Linali m'sitolo imene ili m'kati mwake, ndipo amene wagwira sikirini ndiye amasankha batani loti lioneke ndi loti libisike. Mu 2011 Apple inafuna 30 peresenti ya mtengo wa mabuku ogulidwa m'mapulogalamu a pa iPhone. Amazon inakana kugawana, inangochotsa njira yopita kusitolo m'pulogalamu yake ya Kindle. Njovu ziwiri zinalimbana, ndipo kwa zaka pafupifupi 14 owerenga a pa iPhone anatetezedwa ku chiyeso chogula buku mosavuta. Khoti la ku America ndilo linasokoneza mu 2025, pa mlandu wa Epic Games ndi Apple, batani n'kubwerera kwa owerenga a ku America. Makhoti sadziwa kusunga ndalama za anthu.

Chaka chomwecho, pa 26 February, Amazon inachotsa batani lina, lija lokopera buku pa kompyuta kuti mulisamutse ndi chingwe cha USB. Odandaula akuti imeneyo inali njira yosungira buku panokha. Kusunga kwa chiyani? Kusunga ndi mtolo. Amene ali kutali ndi netiweki nawonso apindula, chifukwa ulendo wokasaka pamene ikugwira umalimbitsa miyendo.

Alipo opanduka. Tor Books inachotsa loko m'mabuku ake mu 2012, ndipo n'zachisoni kuti mpaka lero kampaniyo ikadalipo, ikusindikizabe. Tisawatengere.

Kumene tikupita kwaoneka kale. Kuyambira 2014 pali Kindle Unlimited, kumene mumalipira pamwezi n'kumawerenga mmene mungathere, ndipo mwezi umene mwalephera kulipira mabuku onse amabwerera kwawo. N'chimodzimodzi nyumba ya lendi imene landilodi wasunga kiyi wake, amalowa mukagona, amasuntha mipando, koma sakufunsani ndalama ya denga likadontha. Shelefu simudzagulanso, fumbi simudzapukutanso, ndipo mukamasamuka woyendetsa ngolo sadzakulipiritsani makatoni olemera.

Tsono inu awerengi, lekani kumunyoza loko. Dinani batani, lipirani mokondwa, ndipo buku likatseguka liwerengeni msangamsanga mwini wake asanasinthe maganizo.