Funso la mafuta, yankho la kalata

Msonkhano wa khonsolo ya M'mbelwa ukaitanidwa kuti uyambe 9 koloko, anthu a pa Mzimba boma amadziwa kuti imeneyo ndi nthawi yosesa m'holo. Makhansala a kum'mwera, a ku Khosolo, Luwerezi ndi Mabulabo, amakhala akadali pa Jenda, pakati pa madengu a tomato ndi anyezi, kudikira kuti minibasi idzaze. Pofika, umboni wa nkhani ya mayendedwe amakhala ataunyamula kale m'msana.

Kenako malonje. Aliyense woimirira ayenera kupereka ulemu kwa wapampando, kwa bwana DC, kwa mafumu, kwa olemekezeka aphungu, kwa abusa, mpaka kwa mtolankhani amene akuwodzera pakona. Funso likamatuluka, Fanta wafunda.

Phungu amadzuka, n'kukonza jekete. "Bwana DC, anthu anga andituma. Mafuta ali kuti? Nanga magetsi?"

Funso ndi labwino, koma lalowa pakhomo polakwika. Mtengo wa mafuta amaika ndi a MERA. Magetsi amapanga ndi a EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ogawa ndi a ESCOM. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, zigayo za ku Embangweni n'kumagona masana popanda khansala wofunsidwa maganizo. Msewu wa M1 ndi wa a Roads Authority. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe anaimba foni ku Mzimba kupempha chilolezo.

Zonsezi bwana DC akuzidziwa. Phungu akuzidziwa koposa, poti ndiye ali ndi mpando ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, kumene nduna zoyenera kuyankha zimapezeka. Koma ku Lilongwe ndi kutali, pomwe kuno wailesi ya m'dera ikujambula, ndipo madzulo ano a ku Champhira amva kuti munthu wawo analankhula mokalipa.

"Olemekezeka, nkhaniyi taimva, ndipo talembera kalata akuluakulu."

Holo yonse m'manja, wofunsa kukhala pansi ali wokhutira. Ndi mmene umayendera ngakhale msewu wa Jenda–Edingeni, wopita kulikulu kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa V, umene boma ndi boma lakhala likulonjeza kuti liumaliza.

Mfundo ya mphamvu ku anthu inabwera mu 1998, koma mphamvuyo yayenda wapansi. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, moti ena anaiwala ntchito yawo. Zimene khonsolo ingayankhedi zilipo: msonkho wa pamsika, ziphaso za malonda, zimbudzi za padepoti, milatho ya m'midzi imene madzi amakokolola dzinja lililonse. Izi zimafika mochedwa, mimba zikulira, wapampando n'kupempha kuti tifupikitse.

Pokhapokha wina atchule CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera. Apo ogona amadzuka, Chingerezi chimatha, zonse zimatuluka m'Chitumbuka chosasefa. Mkangano wa mwini thumbali, phungu kapena khonsolo, unakafika kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 oweruza anagamula kuti aphungu kuyendetsa ndalamazi ndi kuvota m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Kunja kwa mpanda, nkhani za mafuta, magetsi ndi mitengo ya zinthu zimagamulidwa popanda wapampando. Mafuta akasowa pafilingi, mnyamata wa chigubu amakhala nawo, pamtengo wake. Magetsi akazima, wogulitsa makala amakweza thumba. Za mtengo wa shuga ndi feteleza, mabanja ambiri amangoimbira mwana wawo wa ku Joni, amene amayankha msanga kuposa kalata ya khonsolo.

Inu ofuna kukamvera nawo msonkhano wotsatira, tengani ya kabaza yopitira ndi yobwerera. Alawansi ndi ya amene maina awo ali papepala.