Kalumo ka Alamu Anga

Loweruka lapitali fulashi yanga itametedwa mpala ngati mutu wa namfedwa, ndinakhala pakhonde n'kuyamba kutsutsana ndi makolo athu chamumtima. Iwo anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Sananame ayi. Anangoiwala kutiuza kuti kalumoko kadzagwera pamutu pa yani.

Kuno ku Milange mlendo sasowa. Munthu amadzuka ku Limbuli, kukwera kabaza, kudutsa pa Muloza, ndipo phala lisanazizire wafika kale pakhomo pako kunsi kwa phiri la Tumbine, makwacha thumba lina, meticais thumba lina. Mlendo aliyense akanamabwera ndi kalumo, boma lonseli likanakhala la anthu a dazi.

Mlendo wanga anali alamu, achimwene awo a mayi akunyumba. Anamva kuti laputopu yathu ikudwala. Ndi nkhalamba imene ndinagula kwa munthu ku Quelimane, ya Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, kutanthauza kuti ndi mwana wamasiye. Matenda ake anali akuti mafilimu atsopano ankakana kutseguka, ndipo amene atseguka ankayenda modukizadukiza: chithunzi chaima chilili, mawu akungopita okha ngati mbuzi yodula chingwe. Anyamata obena mafilimu masiku ano amakonda mafayilo a H.265, njira ya 2013 imene imapanikiza filimu kuti ichepe pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi H.264 ya 2003. Kwa iwo n'zabwino, mafilimu ambiri amakwana m'fulashi imodzi. Koma mtolo womangidwa zolimba umavutitsa womasula, ndipo womasula wake ndi nkhalamba yanga ija.

"Alamu, makinawa ndi abwinobwino," anatero asanavule n'komwe nsapato. "Akungosowa VLC." Anatulutsa makiyi m'thumba, ndipo pakati pa kiyi wa loko wa njinga ndi chotsegulira botolo panali kafulashi kofiira. Kalumo kaja.

Apa ndiwayamike. VLC ndi pulogalamu yaulere imene inayambidwa ndi ophunzira a École Centrale Paris mu 1996, n'kutsegulidwira aliyense mu 2001, ndipo chizindikiro chake ndi kachisoti kosongoka kaja apolisi amaika pamsewu. Imabwera ndi zomasulira zake zake, choncho mafayilo amene ankakana aja anatseguka. Miyendo yatsopano yokha siipatsa nkhalamba: mafilimu a 1080p ankatsimphinabe, a 720p n'kumayenda bwino. Vuto linali lakuti laputopu yanga imayankhula Chipwitikizi, alamu anaphunzira Chingerezi ku Mulanje. Iwo anagwira mawu amodzi okha, Sim, kutanthauza inde, ndipo funso lililonse limene makinawo anafunsa ankaliyankha ndi Sim, molimba mtima ngati mkwati kutchalitchi.

Zikanathera pomwepo bwenzi mwambi utapambana. Koma poyesa ntchito yawo, alamu anatsegula filimu ya karate, imodzi mwa aja omasuliridwa m'Chichewa amene amaonetsedwa m'mavidiyo sho. Anaonera pang'ono, n'kukwinya nkhope. "Mawu ndi milomo sizikugwirizana. Tikonza."

Mu VLC muli mabatani awiri a ntchito imeneyo. J amakokera mawu kutsogolo, K amawachedwetsa, ndipo kudina kamodzi kumasuntha mawuwo ndi mamilisekondi 50. Kuti usunthe sekondi imodzi yokha uyenera kudina ka 20. Alamu anayamba ndi K. Mtchaina anatsegula pakamwa kawiri, womasulira n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, unapha aphunzitsi anga, lero udya matope." Alamu anati mawu afulumira. Anadina K ka 30. Tsopano mtchaina ankamenya mnzake theche, mnzakeyo n'kugwa, n'kudzuka, n'kudzisasa fumbi, kenako ndiye timamva phuu! Anabwerera ku J. Ka 30 kuti afike pomwe anayambira, ka 40 kena kuti aone kutsidya. Uku munthu ankalira asanamenyedwe, ngati mwana amene waona shamu m'manja mwa amake.

Ndinayesa kunena kuti munthu amene anajambulidwa akuyankhula Chitchaina zaka zambiri zapitazo sangatsegule milomo motsatira mnyamata wa ku Malawi amene, pakati pa ndewu, amayamba kupereka moni kwa anzake a kumsika ndi kulengeza malo amene amabenera mafilimu. Alamu anandiyang'ana mwachifundo. "Alamu, inu za makompyuta zisiyeni." Nsima inabwera, inazizira, inabwerera kukhitchini. Pakona pa sikirini manambala ankangosintha: 1500, 900, kenako ena okhala ndi kamzere kutsogolo. Panthawi ina mawu akuti "udya matope" anagweradi ndendende pakamwa pa munthu, koma anali nkhalamba yogulitsa tiyi imene inalibe nawo mbali mkanganowo. Alamu anaomba m'manja.

Ine ndinatopa n'kunena kuti tiyeseko vidiyo yapabanja. Ndinalowetsa fulashi yanga ya 32 GB, mmene muli zithunzi za ana, makalata a kuntchito ndi mavidiyo a zaka khumi. Mafoda onse anali asanduka timafayilo tokhala ndi kamuvi pakona. Ukadina, zii. Kafulashi kofiira kaja kanali katalowa m'kompyuta iliyonse yobenera nyimbo kuyambira ku Limbuli mpaka ku Chitakale, ndipo pamodzi ndi VLC kanatibweretsera vairasi ya mashotikati, imene imakhala m'makina n'kumadikira fulashi iliyonse yolowa.

"Zafufutika," anatero alamu mosatekeseka. "Ingopangani fomati, muyambirenso." Anali atayamba kale kufunafuna pamene alembapo Formatar, chala cha Sim chili chire.

Mwana wathu wamkazi, amene ali ku sekondale, anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Mukudziwa kuti kwathu kuno malume ndi mwini mbumba, ndipo mwana sawongola malume ake pagulu. Anagwada kaye. "Amalume, mwina ine sindikuona bwino, koma taonani apa, fulashiyi ikuonetsabe kuti ndi yodzaza." Zinthu zikanafufutika, malo akanatsala. Vairasi imeneyi imangobisa mafoda enieni n'kuika zithunzithunzi zake pamalo pawo, kuti ukadina uifalitse. Mwanayo anapempha ndalama ya mamega, anakopera antivairasi n'kutsuka laputopu, kenako anatsegula kawindo kakuda kaja n'kulemba attrib -h -r -s /s /d pa fulashiyo. Mafoda anatuluka m'tchire limodzilimodzi. Ndinamufunsa kuti anaziphunzira kuti. Anati theka la kalasi yawo linametedwapo kale.

Ndiye ndikufunsa makolo aja: bwanji simunatisiyireko mwambi wa kalumo kamene kali kale m'nyumba, kamene sitikaona chifukwa mwini wake timangomutuma madzi? Miyezi itatu laputopu ikutsimphina, sindinamufunsepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinadikira munthu wodutsa pachipata ndi chitupa.

Komabe mlandu wa alamu sindingaugamule choncho, chifukwa cha zimene zinachitika madzulo. Mu foda ina muli vidiyo ya chinkhoswe cha mchemwali wanga, yojambulidwa ndi foni, mmene malemu mayi anga akupereka malangizo, akusakaniza Chilomwe ndi Chichewa monga ankachitira akapsa mtima kapena akakondwa kwambiri. Vidiyo imeneyi mawu ake amachedwa. Mayi amatseka pakamwa, mawu n'kumabwera pambuyo, ndipo kwa zaka zonsezi ndinkangoganiza kuti ndi mmene inabadwira. Ndinkaionera ndikuyang'ana kumbali.

Alamu anasendera pafupi, ulendo uno mwakachetechete. Anadina J kamodzi, kawiri, akuyang'anitsitsa milomo ya mayi. Atadina kakhumi, theka la sekondi, mawu anakhala pamalo pake. Mayi anati "mwananga" ndipo mlomo wawo unati "mwananga" nthawi yomweyo, n'kuseka kuseka kwawo kuja kogwira pachifuwa. M'nyumba munangoti zii. Mayi akunyumba anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Achimwene, tabwezeraninso."

Kafulashi kofiira kaja mwana anakatsuka usiku, malume ake ali mkonono, n'kukabwezera pakati pa kiyi wa loko ndi chotsegulira botolo. Sitinawauze. Lamulungu titaweruka kutchalitchi anakwera kabaza kubwerera ku Muloza, akufulumira, ati ku Limbuli kuli makompyuta ena awiri amene akuwadikira.